Nthiti za Penshoni

Ku Makeni, kuseri kwa mpanda wa mabuloko,
ndimadzuka atambala asanatsokomole,
ndowa kumanja, tochi kukamwa,
kukakama ng'ombe yomwe si yanga.
Eni ake anaitcha Penshoni
poti ndiko kunachokera ndalama yoigulira.

Inaswa mwezi wa mphepo, fumbi litangoyamba.
Sabata yachitatu, malita khumi ndi asanu ndi atatu.
A Mwanjawala anaimba foni ali ku Kabulonga,
chiseko chawo chikundigwedeza khutu:
"Fakisoni, umenewo ndi mgodi!"

Mgodi umadya, bwana.
Sindinatero. Ndinangoti inde.

Umadya nsenjere yodula dzulo, yofota pang'ono,
yoduladula ngati chala kuti isasankhe masamba okha.
Umadya gaga mbale zitatu,
yachinayi zotsala za mpendadzuwa woyengedwa mafuta,
kamchere kodzaza chikhatho,
masangwi a mtedza omwe ndinapempha ku Chongwe.
Mapesi ouma ndimawaza molasesi
kuti lilime linamizidwe.
Chakudya chachilendo ndimachilowetsa mwaulemu,
lero pang'ono, mawa pang'ono,
poti mimba ya ng'ombe sikonda mlendo wobwera mothamanga.
Madzulo ndimaima n'kuiona ikubzikula,
m'mawa ndimawerenga ndowe
monga ena awerengera nyuzipepala.

Ndiye madzi.
Mkaka ndi madzi amene adutsa m'magazi.
Magetsi akazima, pampu imakhala duu,
ine ndi wilibala, zigubu zinayi, ulendo wa kwa aneba,
kanayi, kasanu, mpaka msana kuyankhula.

Okutobala anabwera ndi dzuwa lake.
Nsenjere inasanduka tsache.
Ku Soweto thumba la gaga linakwera kawiri sabata imodzi,
ndalama ya pa foni inabwera theka
ndi uthenga: "Uyese kusamala, zinthu zavuta."
Ndinasamala.
Mbale zitatu zinakhala imodzi ndi kachibenthu.

Koma Penshoni sadziwa kukana.
Bere linadzazabe.
Chimene modyera sinapeze
inakatenga pamsana pake,
inasungunula mafuta a m'chiuno,
n'kuwatsitsira m'ndowa yanga, oyera, a thovu.
Mafupa a m'mbuyo anatuluka
moti ukhoza kukolekapo chipewa.

Ndinazidziwa mochedwa, ndipo si m'khola.
Ndinafika kunyumba usiku wina
Tikambenji akuyamwitsa wathu wa miyezi inayi.
Anandikankhira mbale yonse:
"Idyani, ine ndadya kale."
Ndinaona chitenje chomwe chinkangokwanira
tsopano chikuzungulira n'kutsalako mfundo,
ndinaona dzenje pansi pa khosi lake,
mwana akukoka, akukoka,
masaya ake onenepa ngati mabanzi.

Sindinafunse kuti wadya chiyani.
Ndinagawa mbale pakati
ndipo tinakangana ndi maso mpaka anadya.

Loweruka galimoto yoyera inaima pageti.
A Mwanjawala anatsika ndi kabuku,
nsapato zikuzemba matope a pa chomwera.
"Naini? Kuchoka pa eyitini?
Fakisoni, enawo ukugulitsa kuti?"

Ndinawagwira dzanja,
chinthu chomwe sindinachitepo zaka zisanu,
ndinaliika pa nthiti za ng'ombe yawo.
Werengani apa, bwana.
Imodzi. Ziwiri. Pitirizani, zonse zikuoneka.
Amene munamwa mwezi watha anachokera apa.
Inakukongozani thupi lake,
ndipo latha.

Anakhala chete dzanja lili pomwepo.
Penshoni inatembenuka, n'kunyambita wotchi yawo
kufuna mchere wa thukuta.

Lolemba kunabwera matumba anayi a gaga.
Za kuba sanazitchulenso, kupepesanso ayi.
Mkaka sunakwere tsiku lomwelo.
Ng'ombe imayamba yabweza za pamsana,
ndowa imadikira.

Ine pobwerera ndinatsika pa msika wa Kanyama,
ndinagula mtedza wa makwacha makumi awiri
ndi kapenta kambale kamodzi,
ndipo ndinakhala pakhomo, nsapato zili kuphazi,
mpaka nditamva Tikambenji akutafuna.